Ndinawauza Kuti Autenge Mwalawo

Inu owerenga, mayi a kunyumba kwanga, aNabanda, lero amayenda ndi ndodo ziwiri. Mwendo wawo wamanzere unatsalira kuchipatala, ndipo amene anachititsa zimenezi ndine. Sindinawamenye ayi, chikwatiraneni sindinawakwezerepo dzanja. Sindinaledzere. Sindinathamangitse galimoto, ngakhale pampando wa dalaivala sindinalipo n'komwe. Chimene chinadula mwendo wa mayi amenewa ndi pakamwa pangapa. Sukulu ine ndinalekera panjira, kulemba ndimachita kukoka ngati ngolo yophwa tayala, ndiye mundipirire. Koma nkhaniyi ndiyenera kuinena, makamaka kwa inu amene mumayendetsa magalimoto a kampani.

Ndinabadwira ku Mhangura, nthawi imene mgodi unali wamoyo. Bambo anga anachokera ku Dedza wapansi, nadzagwira ntchito pansi pa nthaka mpaka chifuwa chinawatenga. Ine mgodi sindinaufune. Ndinapita kumapulazi a ku Selous, ndinayamba ndi kukwera kumbuyo kwa thirakitala, kenako ndinaphunzira kuiyendetsa, kenako ndinapeza laisensi ya lole. Kuchoka apo ndinalowa ntchito pa kampani ina ya fodya ku Centenary, imene ili ndi mapulazi angapo ndi malole ake. Kumeneko ndiko ndinakalambira.

Ndisakunamizeni, ndinali dalaivala. Zimenezo ngakhale adani anga sangakane. Ndanyamula mabelo a fodya kupita nawo ku okushoni ku Harare, ndanyamula feteleza, nkhuni za m'mabalani, thonje, anthu okabzala, anthu okakolola, akwati ndi maliro omwe. Zaka zonsezo sindinagwetsepo galimoto, sindinagundepo ngakhale mbuzi. Matope a m'dzinja amene anyamata ankatitimira nawo, ine ndinkadutsa ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi. Pakomboni ankanditcha Hutala, ngati ija imalira pa galimoto, chifukwa ndikaitana munthu ndili kumabalani, amene ali kudamu ndi amene ankayankha. Dzinalo ndinkalikonda. Ndikalankhula anthu ankakhala chete, ine n'kumaganiza kuti akhala chete chifukwa ndanena zanzeru.

Lole yanga inali yakale, yoyera, ya matani seveni. Kampani itagula zatsopano inazipereka kwa anyamata a mapepala a sukulu, ine n'kundisiyira nkhalamba inzangayo. Ndinkanena kuti ndinachita kukana ndekha zatsopanozo, koma zoona zake n'zakuti palibe amene anandifunsa.

Kenako kunabwera bwana watsopano woyang'anira magalimoto, a Moyo, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga. Iwowa anaika lamulo lakuti m'mawa uliwonse malole aziima pamzere kutsogolo kwa galaja, dalaivala aliyense azungulire galimoto yake, aone mafuta, madzi, matayala, magetsi ndi mabuleki. Akatero a Moyo ankadutsa n'kumafunsa mmodzimmodzi ngati pali vuto. Galimoto ya vuto siinkatuluka pageti. Lero ndikuona kuti linali lamulo labwino. Nthawi imeneyo ndinkaliona ngati chipongwe. Mwana amene ankayamwa ine ndikubweza thirela azindifunsa ngati buleki ikugwira? Akafika pa ine ankanditchula mdala m'Chishona chawo, ankati, "Mudhara, zili bwanji?" Ine ndinkayankha mokuwa kuti onse amve, "Funsani ana awo, kuno kuli eni ntchito!" Iwo ankangomwetulira n'kupitirira.

Tsiku lina ndikudutsa kuseri kwa galaja ndinamva a Moyo akuuza makaniko kuti lole yakaleyo ikadzangochita vuto lalikulu, asadzataye nthawi, adzaigulitsa. Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Inu amene muli ndi kwanu mwina simungamvetse. Anzathu Achishona ntchito ikatha amanyamula katundu kupita kumusha kwawo, kumene kuli munda ndi manda a makolo. Nanga ife ana a anthu obwera? Ku Dedza ine ndimangokumva, sindinapondeko, ndipo ndikapita lero palibe angandidziwe. Mudzi wanga unali nyumba ya zipinda ziwiri ya pakomboni, ndipo nyumba ya pakomboni imayendera limodzi ndi ntchito. Msinkhu wopuma ndinali nditaupitirira, ankangondisunga chifukwa lole yakaleyo palibe mnyamata ankaifuna. Ndiye ndinawerengera ndekha: lole ikapita, ine ndapita, nyumba yapita, aNabanda ndikawaika kuti?

Sipanapite nthawi yaitali, handibuleki inayamba kufooka. Ndinkakoka mpaka kumapeto koma galimoto inkakwawabe pang'onopang'ono. Tsiku lina ndikutsitsa feteleza pa pulazi ina ndinakoka mwamphamvu, ndinangomva kuti thaa! Waya wake waduka. Ndinalowa pansi, ndinamanga ndi waya wa mpanda kuti chogwirira chisamagwe, aliyense wosuzumira aziona ngati zonse zili bwino. Buleki ya phazi inali bwinobwino, ndiye ndinadziuza kuti poyenda palibe vuto, vuto ndi poima basi. Ndinapita kumtsinje kukasankha mwala wabwino, waukulu ngati dzungu, wa mbali imodzi yafulati. Ndikaima pamalo otsetsereka ndinkazimitsa injini, kusiya galimoto mu giya wani, n'kutsika kukaika mwalawo kumbuyo kwa tayala. Kutsogolo kwa galaja ndi pamalo osalala, ndiye pamzere wa m'mawa mwala unkagona m'bokosi la zipangizo. Kale pamapulazi tonse tinkatero, ndani sanatchingepo tayala ndi mwala? Koma kale mwala unali wothandizira buleki. Kwa ine mwala ndiwo unali buleki.

Sindinauze munthu, ngakhale aNabanda amene ndinkagona nawo mphasa imodzi. Mmodzi yekha anazindikira, Juwawo, dalaivala mnzanga wa makolo a ku Tete, amene tinkanyozana naye chiyambire unyamata. Anandipeza ndikunyamula mwalawo nati, "Achimwene a Hutala, mwayamba kumanga nyumba? Koma mwala umodziumodzi chonchi mudzamaliza muli kumanda." Ine ndinati, "Uwu ndi woswera mitu ya anthu a ku Tete, paja ndi youma." Tinaseka. Koma pochoka anatsitsa mawu nati ndikanene kugalaja. Ndinamuuza kuti asamale lole yake, yanga ili ndi mwini wake.

Zinayenda choncho nyengo yonse yokolola. Ndipo inu owerenga, choopsa cha chinthu cholakwika n'chakuti chikayenda bwino kangapo umayamba kuchitcha luso.

Fodya atatha kugulitsidwa, kunagwa maliro pa pulazi ina ya kampani yathu yomweyo. Anamwalira anali malume awo a aNabanda, mkulu amene anasonkha moto m'mabalani moyo wake wonse. Mwambo wa pamapulazi ndi wakuti wantchito wakale akamwalira, kampani imapereka galimoto yonyamula anthu olira. Anatulutsa ziwiri, yanga ndi ya Juwawo. A Moyo nawonso anabwera pa kagalimoto kawo kudzapepesa m'malo mwa kampani. Ife kwathu ndife a tchalitchi, koma malemuwo anali munthu wa gule wamkulu, ndipo pakomboni zinthu ziwirizi zinazolowerana. A nyimbo amaimba mbali yawo, a ng'oma amadikira nthawi yawo, onse amadya pamodzi.

Masiku amenewo kunyumba kwathu kunali mpongozi wathu Tsitsi, mkazi wa mwana wathu wamwamuna amene amagwira ntchito ku Selous. Ndi mtsikana Wachishona wokulira m'tauni ku Chegutu, waulemu, wosalankhulalankhula. Anali woyembekezera, ndiye paulendowo aNabanda anati asakwere kumbuyo kogwedezeka, akhale kutsogolo pakati pa iwo ndi chitseko. Gule anali asanamuonepo pafupi. Ankangomva nkhani zoopsa zimene anthu a m'tauni amakamba za zvigure, monga amatchulira iwo.

Komboni ya pulazi imeneyo inamangidwa m'mbali mwa phiri. Malo osalala analipo kumunsi, pafupi ndi bwalo la mpira, ndipo Juwawo anaimika yake kumeneko. Ine ndinati ayi. Bokosi la malume a akazi anga linyamulidwa ndi lole yanga, ndipo lole yanga iima pakhomo pa siwa kuti aliyense aone. Ndinakwera nayo mpaka pafupi ndi nyumba, mutu kuloza kumtunda, kumbuyo kuloza kumunsi. Ndinazimitsa, ndinaika mu giya, anthu akutsika ine ndinazemba n'kukalowetsa mwala wanga pansi pa tayala lakumbuyo. Zitseko sindinakhome. Ndinkati ndani pa Centenary yense angayerekeze kugwira lole ya Hutala?

Dzuwa litakwera, amayi ophika anasamutsa moto wawo n'kudzaukoleza kumunsi kwa lole, chifukwa inkawapatsa mthunzi ndi kuwatchingira mphepo. Ndinaona ndi maso angawa. Ndinadziuza kuti giya ilipo, mwala ulipo, palibe chingachitike.

Amuna tinakhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi siwa. A Moyo anawapatsa mpando, ine monga mkamwini wamkulu ndinakhala pambali pawo, Juwawo anakhala pa chitsa patsogolo pathu. Ndinali ndikuwafotokozera za mmene tinkawolokera mitsinje yodzaza kale kusanamangidwe milatho, mawu ndinali nditatsitsa poti ndi pamaliro, komabe a kumanda ankandimva. Ndili pakati pa nkhani, aNabanda anabwera, anagwada chapatali monga amachitira, naomba m'manja pang'ono.

"Pepani bambo, ndakudulani. Tikufuna kutereka mgolo wa nyemba koma fuwa limodzi laperewera, kuno n'kwa mchenga kokhakokha. Kumbuyo kwa lole yanu kuli mwala wabwino. Kodi uli ndi ntchito?"

Inu owerenga, funso limeneli ndimalimva mpaka lero. Mayi amenewa sanabe mwalawo. Sanautenge mwachibwana. Anayenda kuchoka pamoto kudzandifunsa ine mwini wake. Ndipo mwalawo unali womasuka, chifukwa galimoto inali itatsamira pa giya, tayala linali lisanaukanikize.

A Moyo anatembenuka kundiyang'ana. Juwawo anaweramitsa mutu n'kumakanda pansi ndi kamtengo. Madoda onse ankadikira yankho. Ndikanangonena kuti usiyeni, a Moyo akanafunsa chifukwa chake, kapena akanapita kukakoka handibuleki ija. Mwina sakanafunsa n'komwe, madalaivala ambiri amaika mwala pa phiri. Koma munthu wobisa chinthu amaona ngati aliyense akuchiona. M'mutu mwanga munadutsa nyumba ya zipinda ziwiri ija, munadutsa anyamata a malole atsopano akuseka. Ndinakweza mawu.

"Tengani! Lole yanga siima ndi mwala ngati ngolo ya abulu!"

Madoda anaseka chamumtima poti ndi pamaliro. ANabanda anathokoza, anadzuka, anapita. Ndinawaona akugubuduza mwalawo ndi mayi wina mpaka pamoto. Juwawo anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndinayang'ana kumbali. Ndinati mumtima, ndikangomaliza nkhaniyi ndidzuka ngati ndikupita kuseri, ndikapeze chikuni ndikatchinge. Nkhani inatha, ina inayamba. Ndinati ndikadzuka pompano adziwa. Ndinati bola a Moyo ayambe achoka. A Moyo sanachoke. Ndinakhala pamenepo, munthu wamkulu, wa imvi, kulondera ulemu wanga pamene kumbuyo kwa matani onse aja kunali amayi akusonkha moto.

Chakumasana a tchalitchi atamaliza nyimbo zawo, ng'oma zinayamba. Zilombo zinatulukira cha kumanda, fumbi koboo, zina zitanyamula zikoti, zikuthamanga uku ndi uku. Amene munakulira pakomboni mukudziwa mmene zimakhalira. Amayi ndi ana amabalalika, ena akukuwa, ena akuseka, amathawa pang'ono n'kubwerera kudzaimba. Ndi mantha ozolowera. Koma Tsitsi sanali wozolowera. Chilombo china chinathamangira mbali imene iye anaima, ndipo mwana wa eni ake anaona ngati imfa yafika. Nyumba za pamenepo sankazidziwa, anthu sankawadziwa. Malo okhawo amene ankawadziwa ndi pamene anakhala m'mawa. Anatsegula chitseko cha lole, anakwera, anadziponya pansi pa mipando kuti asaoneke. Podziponyapo, bondo lake linakankha ndodo ya giya, galimoto n'kuchoka mu giya.

Galimoto yozima injini ikayamba kutsetsereka siichita phokoso. Imayamba ngati munthu wodwala akudzuka pamphasa. Ine ndinaona mthunzi wake ukusuntha pansi ndisanaone kuti matayala akuzungulira. Ndinadzuka, mpando unagwa. Miyendo ya nkhalamba siingapikisane ndi lole pa phiri. Chimene ndinali nacho ndi mawu aja basi. Ndinakuwa kuposa mmene ndinakuwirapo moyo wanga wonse, mpaka ng'oma zinasiya.

Amayi ena atamva kukuwako anayang'ana kumbuyo, anaona lole, anathawa. ANabanda anali atawerama akukonza nkhuni pansi pa mgolo. Iwo atamva mawu anga sanayang'ane kumbuyo. Anaweramuka n'kuyang'ana kwa ine, kuti amve chimene ndikufuna, monga achitira zaka zonse za ukwati wathu.

Sindilemba zonse zimene ndinaona. Lole inagwetsa mgolo, inawagwetsa iwo, tayala lakumbuyo linadutsa pa mwendo, ndipo inakaima pa chulu kumunsi. Chulucho chikanapanda kukhalapo ikanalowa m'nyumba za anthu. Tinawanyamula pa chitenje kuwaika m'kagalimoto ka a Moyo. Maliro a malume awo anaikidwa iwo ali panjira ya kuchipatala, ndipo bokosi linanyamulidwa ndi lole ya Juwawo. Kuchipatala chapafupi anatitumiza ku chachikulu. Kumeneko madokotala anayesetsa, koma mafupa anali ataphwanyika ngati chigoba cha dzira, ndi moto unawatenthanso. Anadula pamwamba pa bondo.

Tsopano mverani chinthu chachiwiri chimene ndinachita, chimene chimandichititsa manyazi kuposa choyamba. Anthu anafuna wolakwa, ndipo anamupeza msanga. Anati ndi mtengwa Wachishona uja, anakwera bwanji m'galimoto ya kampani, ndiye anamasula buleki. Ena anati malemu anakwiya chifukwa a tchalitchi anatalikitsa nyimbo. Ena anati pali munthu anaponya mankhwala chifukwa cha nsanje ya ntchito, ndipo maso ankaloza kwa Juwawo. A Moyo anafunsa Tsitsi ngati anagwira handibuleki, iye akulira anati sakudziwa chimene anagwira. Lole anaikokera kugalaja kudikira apolisi. Ndipo ine, Hutala, amene ndinkayankha ngakhale funso lofunsidwa kwa munthu wina, ndinakhala duu. Ndinkati ndasokonezeka ndi chisoni. Chisoni chinalipo, inde, koma pansi pa chisonicho ndinali ndikuwerengerabe za nyumba.

Tsitsi anasiya kudya. Ankakhala kuseri kwa nyumba atafunda chitenje kumutu, amayi a pakomboni akudutsa osamupatsa moni. Mwana wanga anabwera kuchokera ku Selous, sankadziwa kuti alire mayi ake kapena ateteze mkazi wake. Juwawo anandipeza pampopi nati, "Achimwene, ine pakamwa panga ndatseka, paja tinadyera mbale imodzi. Koma mtsikana uja ali ndi pakati." Anatunga madzi ake n'kuchoka. Aka kanali koyamba kuti andilankhule popanda chipongwe, ndipo kanandipweteka kuposa chipongwe chilichonse.

ANabanda atayamba kuzindikira anthu, ndinakhala pambali pa bedi lawo. Ndinayamba kulankhula zambirimbiri monga mwa chizolowezi changa, kuti Mulungu ndi wamkulu, kuti ana a masiku ano sagwira mtima, kuti mtsikanayo sanachite dala tizimukhululukira. Iwo anandisiya ndilankhule mpaka ndinatopa. Kenako anatembenuza mutu pa pilo nanena motsitsa.

"Bambo, inetu ndinafunsa."

Anangonena zomwezo. Sanakuwe, sanalire, sananditchule dzina loipa. Anatseka maso. Ine ndinatuluka panja, ndinakhala pa simenti pakhomo pa wodi, ndipo anthu odutsa ankaona ngati nkhalambayi yaferedwa.

Nditabwerera ku pulazi ndinapita pamzere wa m'mawa, ngakhale ndinalibe galimoto yoimika. A Moyo akudutsa ndinawaimitsa. Ndinanena zonse pamaso pa madalaivala onse, za waya woduka, za waya wa mpanda, za mwala, za yankho langa pansi pa mtengo. Mawu anga aja tsiku limenelo ankatuluka ngati a mwana. A Moyo anavula chipewa, anapukuta nkhope, nati, "Mudhara, waya wa handibuleki? Uli m'sitolo muno, wapachikidwa pa msomali. Inali ntchito ya m'mawa umodzi. Ine vuto lalikulu ndinkanena injini."

Inu owerenga, ndamenyedwapo ndi asilikali nthawi ya nkhondo, ndaikapo ana awiri m'manda, koma palibe chimene chinandithyola msana ngati mawu amenewo. Waya unali pa msomali. Miyezi yonse ija ndinkadutsa pakhomo pa sitoloyo m'mawa uliwonse, mwala uli m'bokosi.

Za kupolisi ndi za kuofesi sinditalikitsa, zinayenda mmene zimayendera. Ntchito inatha. Sindinadandaule, ndikanakhala ine bwana ndikanachita chimodzimodzi. Anatipatsa nthawi yakuti mayi atuluke m'chipatala, kenako tinapereka makiyi a nyumba. Nyumba imene ndinkaiteteza ndi bodza inapita ndithu, ndipo inatenga ndi mwendo womwe. Katundu wathu anamunyamula Juwawo pa lole yake mpaka ku Selous, ine nditakhala pampando wa wokwera.

Tisananyamuke ndinachita chinthu chimene mwambo wathu sulola kwenikweni. Mpongozi wamwamuna sakhala maso ndi maso ndi mkazi wa mwana wake. Ndinaima panja pa chitseko, iye ali m'kati, ndinagwada pa fumbi anthu a pakomboni akuona. Ndinati mayi, inu simunalakwe, munathawira pamene munaona kuti pali chitetezo, galimoto yabwino mwana akhoza kuseweramo tsiku lonse osasuntha. Wolakwa ndine. M'katimo ndinangomva kulira. Mwana anabadwa bwinobwino, wamkazi, tithokoze Mulungu. Lero tikukhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mwana wathu, ndipo amene amasambitsa aNabanda ndi kuwatsuka chilonda ndi Tsitsi yemweyo.

Ndatopa, inu owerenga. Thupi latopa, ndi mtima womwe. Koma ndisanaike cholembera pansi ndilankhule ndi madalaivala anzanga, a malole, a mathirakitala, a mabasi a antchito, nonse amene mumagwira chiwongolero cha galimoto imene si yanu.

Galimoto ikayamba kudwala, kaneneni tsiku lomwelo. Musadikire kuti ifike poduka. Musamange ndi waya, musatseke ndi nsanza, musati ndimaidziwa ine. Inenso ndinkaidziwa yanga kuposa mmene ndimadziwira ana anga. Kuzungulira galimoto m'mawa kuja si mwambo wosangalatsa bwana ayi, ndipo akakufunsani kuti zili bwanji, limenelo si funso lachipongwe, ngakhale wofunsayo akhale mwana wadzulo. Mwina mukuopa kuti mukanena akuimitsani, ena apita ku Harare inu mukusesa pagalaja. Sesani. Tsache silidula mwendo wa munthu.

Tonse timaopa ngozi ya pamsewu, liwiro, tulo, mowa, ng'ombe zodutsa. N'zoona, ziopeni. Koma ine ngozi yanga inachitika makiyi ali m'thumba mwanga. Ntchito ya dalaivala siithera pozimitsa injini. Malo osalala akakhalapo, imani pamenepo ngakhale patalike, miyendo muli nayo. Mukakakamizika kuima pa phiri, kokani handibuleki imene ikugwiradi, siyani mu giya, pindani matayala akutsogolo kuti ikati isunthe ikatsamire kumbali, tchingani tayala, ndipo khomani zitseko. Mukaona anthu akukhala kumunsi kwa galimoto yanu, dzukani mukawachotse kapena muichotse, ngakhale mukhale pakati pa nkhani yokoma bwanji. Pamaliro, paukwati, pa mpira, pamene pali anthu ambiri, pamakhala wina amene achite chinthu chimene simunachiganize. Si mlandu wake. Iye sadziwa chimene mwabisa pansi pa galimoto.

Nanunso mabwana a magalimoto, ndikupempheni. A Moyo sanalakwe, lamulo lawo linali labwino. Koma dziwani kuti pamzere paja pamaima anthu ena amene akuopa, makamaka ife okalamba amene tilibe kolowera. Munthu wamantha amayankha mokweza kuti zonse zili bwino. Musamangofunsa, kwerani mukoke nokha. Ndipo auzeni poyera kuti kunena vuto sikuchotsa munthu ntchito, kubisa ndiko kumachotsa.

Anthu kuno ku Selous sadziwa kuti ndinali Hutala. Amandidziwa ngati sekuru, agogo ofatsa aja amene amatunga madzi ndi kutola nkhuni, ntchito zimene ndinkati si za mwamuna. M'mawa ndimawatulutsa aNabanda panja kuti aothere dzuwa, ndimawaikira ndodo zawo pafupi. Sanabwerezenso mawu a kuchipatala aja, ngakhale kamodzi. Ndipo khalidwe lawo silinasinthe. Akafuna kutenga kanthu kalikonse ka ine, kaya ndi kachingwe, kaya ndi chitini chopanda kanthu, amayamba aitana.

"Bambo, kodi ichi chili ndi ntchito?"

Ndikamva choncho ndimasiya chimene ndikuchita. Ndimadzuka, ndimapita pamene ali, ndimachitenga chinthucho m'manja n'kuchiyang'ana bwinobwino. Ndikatero ndiye ndimayankha, motsitsa.